Ziwiya Zakale za m'Makomboni a Lusaka

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za kumidzi

Munthu wolowa m'nyumba ya nkhalamba ku Matero kapena ku Chawama, akapenyetsetsa, apeza ziwiya zakale za mitundu iwiri ziri pamodzi. Pangodya pali makina osokera a Singer, nsimbi ya makala ndi nyale ya Tilley imene inaleka kuyaka. Kuseri kwa citseko kwaimikidwa mtondo waung'ono ndi munsi wace, ndipo pakhoma papacikidwa licero lodetsedwa ndi utsi. Zina zinaoloka nyanja kucokera ku Britain, zina zinafika pa lole kucokera ku Petauke, Katete kapena Chipata. Mtundu umodzi mwa iwiriyi uli pafupi kuiwalika, ndipo suli umene ambiri angauganizire.

Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935. Masiku amenewo boma la Azungu linkamuyesa munthu wakuda mlendo m'tauni, wodzagwira nchito ndi kubwerera kwao, kotero kuti nyumba zozungulira za ku Kabwata zinamangidwira amuna okhaokha. Tsono mwamuna wopanda banja alibe naco cocita mtondo. Lamulo la 1948 litalola anchito kukhala ndi mabanja ao, Matero anamangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo amene anasowa nyumba za boma anadzimangira okha pa malo a eni mafamu ndi pafupi ndi migodi ya miyala, ku Kanyama, Kalingalinga, George ndi Chawama. Mtendere anayambika mu 1967, dziko litalandira kale ufulu. Mtondo, licero ndi nkhali zinalowa m'tauni pamutu pa akazi amene anatsata amuna ao.

Ziwiya za Azungu ziri ndi mwai umodzi waukulu: zimadzinenera zokha mbiri yao. Makina a Singer amene nambala ya mtundu wao iri ndi cilembo K, monga 15K kapena 99K, anapangidwa ku Kilbowie, m'tauni ya Clydebank ku Scotland, m'fakitale imene inatsekedwa mu 1980. Ndipo nambala yodindidwa pa citsulo cace imaulula caka cimene makinawo anapangidwa. Khasu lokhala ndi cizindikiro ca ng'ona ndi la Chillington, kampani ya ku Wolverhampton. Njinga ya Raleigh inacokera ku Nottingham. Zinthuzi zinagulidwa ndi thukuta, ndipo makina osokera anaphunzitsa ana ambiri, pakuti telala wa pakhonde la sitolo ankalipira nao fizi. Komabe ngakhale zonsezi zitagulitsidwa lero kwa ogula zitsulo zakutha, mbiri yao siingatayike, cifukwa eni ace anaisunga. Pamene mathirakitala anayamba kucotsa akavalo m'minda ya ku England, anthu ophunzira a ku Reading anaona kuti makasu, magoli ndi ngolo za makolo ao zikuponyedwa kudzala. Ndipo mu 1951 anakhazikitsa nyumba yosungiramo zipangizo za kumidzi, Museum of English Rural Life.

(Pakati pa zimenezi nsimbi ya makala isawerengedwe msanga ngati cinthu cakale. Ku London ndi cokongoletsera nyumba. Koma mu 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi nkumazima tsiku lathunthu, nsimbiyo ndi mbaula ndizo zinasunga mabanja a m'makomboni.)

Mtondo ulibe nambala. Palibe cilembo pa iwo conena amene anausema, mtengo umene anaugwetsa, kapena mudzi umene unacokera. Zonsezi ziri m'mutu mwa agogo amene anabwera nao, ndipo tsiku la maliro ao zimalowa nao m'manda. Adzukulu amatsala ndi cipika cabe cimene ciswe cidzatsiriza. Ndiponso nchito ya ziwiyazi ikucepa. Cigayo ndi ufa wa m'matumba zinacotsa mtondo waukulu wokonolera cimanga, nkutsala waung'ono wosinjira nsawa zotendera ndiwo. Cigubu ca pulasitiki calanda malo a nkhali, ngakhale aliyense adziwa kuti madzi a m'nkhali ndiwo ozizira. Mwana wa ku Kanyama angathe kufika Giredi 7 osaona mkazi akupeta. Ndi zoona kuti ku Kabwata, pa nyumba zozungulira zotsalazo, pali mudzi wa zaluso kuyambira 1974, ndipo amisiri ace ndi aluso ndithu. Koma iwo amasemera alendo ogula, ndipo mtondo wosemedwa kuti ukhale pa shelefu sunasinjepo kanthu. Lusaka National Museum, yotsegulidwa mu 1996, siingafike m'mudzi uliwonse.

Apa ndipo pali nchito ya mphunzitsi wa kumudzi, pakuti ziwiyazi zikugwa mphwayi m'tauni, koma ozipanga ali pafupi ndi sukulu yace: woluka malicero a nsungwi, woluka mphasa za bango ndi mikeka ya mlaza, woumba mbiya, wosema mipini. Bambo Jean-Jacques Corbeil, wansembe wa White Fathers wocokera ku Canada, anayamba motero, kusonkhanitsa zipangizo za m'midzi ya kumpoto ndi kufunsa eni ace tanthauzo lace. Ndipo zimene anasonkhanitsa ndizo ziri ku Moto Moto Museum ku Mbala.

Mphunzitsi safunika nyumba yotero. Kope limodzi likwana. Asalande ciwiya kwa mwini wace, angopita ndi ana kukaciona, nalembe dzina lace m'cinenero ca pamalopo, amene anacipanga, mtengo kapena dothi lace, nyengo yodulira nsungwi, ndi nyimbo zimene akazi ankaimba posinja. Ana acijambule, ayese msinkhu wace ndi kukula kwa kamwa lace. Pamenepo phunziro la masamu lalowamo kale. Za ku dambwe ndi za cinamwali azisiye, kufikira akulu a mudzi atalola okha.

Ana ambiri a m'sukulu za kumidzi ali ndi abale ku George kapena ku Mtendere, ndipo amapitako pa cuti. Otere apatsidwe mafunso awiri: akalembe nambala ya pa makina osokera a m'nyumbamo, ngati alipo, ndipo akagwade pamaso pa agogo, nawafunse kuti mtondo uli kuseri kwa citsekowo unacokera mudzi uti, ndi kuti anausema ndani. Mayankhowo alowe m'kope lomwelo sukulu ikatsegulidwa, ndipo kopelo likhale m'kabati ya mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi kaundula wa ana.