Kusamala Kaundula wa m'Makompyuta: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti idandipempha kuti ndiyankhulepo za ntchito imene ndimagwira, yoyang'anira makompyuta osunga kaundula wa makampani. Poyamba ndidawiringula poganiza kuti nkhani imeneyi ndi ya ku Lilongwe, osati ya kwathu kuno kwa Dzoole. Koma tsiku lina nditaima pa Mponela ndidaona wogulitsa fetereza akulemba ngongole za alimi mu kompyuta, ndipo pafupi pomwepo mayi wa banki m'khonde amalandira ndalama za gulu pa Airtel Money. Ndidazindikira kuti nkhokwe yathu idasamuka, tsopano ili m'makina. Tidawalira makinawa, ndipo akulu adati walira mvula walira matope.

Ndiyambe ndi nkhani imene nonse mukuikumbuka, ya Cashgate m'chaka cha 2013. Boma limalipira ndalama kudzera m'makina otchedwa IFMIS. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly atafufuza adapeza kuti pakati pa Epulo ndi Sepitembala chaka chimenecho padasowa ndalama zopitirira K13 biliyoni. Mabedwe ake adali otere: munthu amalowetsa m'makina malipiro a kampani imene sidagulitse kanthu ku boma, cheke chimatuluka, ndalama zimatengedwa ku banki, kenaka amabwerera m'makina muja ndi kufufuta zonse kuti pasaoneke phazi. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo, ndipo ululu wake udafika mpaka m'zipatala za kumudzi. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti palibe adathyola chitseko. Akuba adali am'nyumba momwemo, ndipo makiyi adali nawo.

Mbava zakunja nazonso zilipo. M'mwezi wa Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowerera makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Kwa masabata angapo mapasipoti sadatuluke, ndipo anyamata ofuna kukagwira ntchito kunja adangokhala manja ali m'khosi. Akathyali a mtundu umenewu amatseka kaundula yense ndi loko wawo, mwini wake n'kumaona mafayilo ake koma osatha kuwatsegula. Nthawi zambiri amalowera pa kalata ya pa intaneti yooneka ngati yochokera ku banki kapena kwa bwana, imene kalaliki amaitsegula mosaganizira.

Ine ndemwe ndidapsapo. Kopaletivi ina, imene sinditchula dzina, idandiitana chifukwa makilogalamu a soya a m'kompyuta samagwirizana ndi malisiti a alimi. Nditafika ndidapeza kuti anthu asanu amalowa ndi pasiwedi imodzi, ndipo idalembedwa pa kapepala komata pa khoma, pafupi ndi kalendala. Wina amachepetsa makilogalamu a alimi okalamba ndi kuwonjezera pa dzina la mbale wake. Adali ndani? Mpaka lero sitidziwa, pakuti kwa kompyuta onse asanuwo adali munthu mmodzi. Chondichititsa manyazi ndi chakuti makinawo ndidawaikira ndine, ndipo pothamangira minibasi sindidalimbikire zoti aliyense akhale ndi pasiwedi yake. Mayi wina wamasiye adataya ndalama za matumba anayi, ndipo nkhope yake ndimaionabe.

Tsono inu amene muli ndi magolosale, zigayo kapena maudindo m'ma SACCO, aliyense wogwira kompyuta akhale ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, ndipo akasiya ntchito muitseke tsiku lomwelo, osadikira kuti mwezi uthe. Wolemba malipiro asakhale yemweyo wovomereza, ngakhale atakhala mlamu wanu kapena mkulu wa mpingo. Uku sikumuganizira munthu zoipa ayi, koma kumuteteza iye mwini pa tsiku limene ndalama zidzasowe. Makinawo azisunga mbiri ya amene wasintha kanthu, ndipo mbiri imeneyi wina aziiwerenga, chifukwa mlonda wogona ndi chimodzimodzi wopanda mlonda. Kaundula yense muzimukopera pa fulashi sabata iliyonse, fulashiyo muichotse pa kompyuta ndi kukaisunga nyumba ina. Nthawi zina muziyesa ngati zimene mudakoperazo zikutseguka. Ndaonapo anthu akulira atapeza kuti kwa chaka chathunthu amasunga fulashi yopanda kanthu. Za mauthenga a pa foni onena kuti mwapambana mphoto kapena ndalama zalowa molakwika, sinditaya nthawi, mukuzidziwa. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money sauza munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani.

Malamulo alipo. Mu 2016 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo mu 2024 padabwera lina loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act. Wosunga maina ndi manambala a anzake ali ndi udindo pamaso pa lamulo.

Apa ndafika pa ife tomwe. Kaundula wa bungwe lathu, muli maina, manambala a foni ndi ndalama za fizi ya ana amasiye amene timawalipirira, ali mu laputopu imodzi ya a msungichuma, ndipo adandiuza okha kuti adzukulu awo amaonerapo mafilimu. A msungichuma ndi munthu wokhulupirika, tonse tikudziwa, koma laputopuyo ikabedwa kapena ikafa, teremu ikubwerayi sitidzadziwa mwana amene walipiriridwa ndi amene sadalipiriridwe. Ndikupempha kuti tigule mafulashi awiri, imodzi izikhala kwa a mlembi, ndiponso kuti ndalama zizituluka pokhapokha anthu awiri atavomereza. Ntchito yoika zimenezi ndidzaigwira ndekha mwaulere Loweruka likubwerali. Nkhaniyi ilowe m'zokambirana za masana ano, tisanafike pa ya denga la holo.