Manja Asagone m'Cilimwe

Cimanga cikalowa m'nkhokwe nchito ya kumunda imacepa, koma sopo ndi mcere zifunikabe pakhomo. Tsono tengani mikanda. Itungeni pa ulusi wolimba wopinda pawiri, ndi kumanga mfundo pakapita mikanda 10, kuti ulusi ukaduka isamwazike yonse.

Cigumu naco sicilira uvuni wa njerwa. Sakanizani mgaiwa, nthoci zakupsa, madzi, mcere ndi soda pang'ono. Thirani mumphika wodzoza mafuta, makala ocepa pansi, ambiri pa cibvundikiro. Moto ukacuruka pansi cimapserera, m'kati cikali caciwisi.

Mukagulitsa izi pamsika, mwana sadzasowa kope la kusukulu. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Tsalani bwino.