Tayala Ligwirizane ndi Limu



Okonza njinga amadziwa chinthu chimene ambirife sitichidziwa. Njinga zambiri zakale za mpikisano, za matayala owonda zija, zinali ndi malimu a mainchesi 27, amene kukula kwake ndi mamilimita 630. Malimu ofala masiku ano, otchedwa 700C, ndi a mamilimita 622. Amasiyana ndi mamilimita 8 okha, ndipo poyang'ana chabe simungazindikire. Komatu tayala la 700C silingalowe pa limu lakale. Tayala la mainchesi 27 likaikidwa pa limu latsopano limakhwepa, ndipo lingathe kuvuka munthu ali pa liwiro pamtsetse. Mmisiri wanzeru sakakamiza ayi. Amawerenga nambala yolembedwa pa tayala, nachotsa chimene sichikugwirizana.

Abale ndi alongo, limu ndilo chikhulupiriro chathu. Tayala, limene limakhudza nthaka, ndizo ntchito zathu. Mu kalata ya Yakobo mutu 2 timaphunzira kuti ziwirizi sizingalekanitsidwe. Lamulungu timayimba mokweza, koma Lolemba timabera pa sikelo kumsika, timanamiza a m'banja mwathu, nkumati ndi zazing'ono. Pa njira yosalala palibe amene amaona. Mayesero akafika, kusiyana kwakung'ono kuja ndiko kumatigwetsa, ndipo ana amene tawanyamula amagwa nafe.

Tisayese moyo wathu ndi maso. Tiuyese ndi Mau a Mulungu, tilape, ndipo timlole Yesu Khristu achotse chosayeneracho lero, tisanafike pamtsetse. Amen.