Batire Lachiwiri m'Boti: Tiyambe Tawerengera Tisanagule



Nkhani imene mwandipempha kuti ndikambe lero ndi ya batire, kapena kuti bateriya monga ambiri timanenera kuno. Kuchokera pamene tinayamba kusiya nyali za Petromax n'kutenga nyali za LED pokopa usipa, funso limene ndimalandira kawirikawiri pa gombe ndi lakuti, "Amisiri, nyali zanga zikumazima cha m'ma 2 koloko usiku. Ndingogula batire lina n'kulumikiza?" Yankho langa ndi eya, koma pali kalumikizidwe kake. Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, chifukwa ine amene mumanditcha mmisiri ndinalakwitsapo.

Unali mwezi wa Juni, chaka cha 2019. Tinali anthu 7 m'boti langa, kutali ndithu ndi gombe cha ku Meluluca. Injini yanga ndi ya 40, yolizira kiyi, ndipo batire linali limodzi lokha, la galimoto. Lomwelo lolizira injini, lomwelo la nyali, lomwelonso anyamata ankatchajirapo mafoni. Usiku umenewo usipa unabwera bwino, moti palibe amene anafuna kuzimitsa nyali. Cha m'ma 3 koloko mwera unayamba. Tinakoka chilimira mwachangu, ine n'kupotoza kiyi. Injini inangoti "ke-ke-ke", basi. Nyali nazo zinali zitafiira ngati makala. Mukudziwa mmene mwera umachitira, umakukankhirani kumpoto, pakati pa nyanja, ndipo boti lodzaza nsomba silimva nkhafi. Tinapulumuka chifukwa injini zakale zija zimalira ndi chingwe ngakhale batire litafa. Tinavula chivindikiro, n'kukulunga chingwe pamutu pa injini mumdima, mafunde akulowa, ndipo inalira titakoka kachisanu ndi chimodzi. Mnyamata mmodzi sanabwererenso m'boti langa kufikira lero, ndipo sindimuimba mlandu. Amene muli ndi injini zatsopano zoyendera kompyuta ndi pampu ya petulo ya magetsi, dziwani kuti zambiri mwa izo sizilira batire likafa, ngakhale mukoke chingwe mpaka kuche.

Choncho mfundo yoyamba, imene ndikufuna mupite nayo kunyumba ngakhale zinazo muiwale, ndi iyi: batire lolizira injini likhale palokha, la nyali palokha. La injini ndi lobwerera kumudzi, musalibwereke.

Mabatire awiriwa ndi osiyananso mapangidwe. La galimoto lili ndi timbale ta mtovu tambiri koma topyapyala, kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa kamphindi kochepa. Mukamaligwetsa mpaka pansi usiku uliwonse, timbale tija timanyenyeka, ndipo pakatha miyezi yochepa mumayamba kutukwana wogulitsa. La nyali liyenera kukhala lija ambiri amati la sola, limene pamwamba pake amalemba deep cycle kapena ciclo profundo. Limenelo timbale take ndi tokhuthala, linapangidwira kuthira pang'onopang'ono usiku wonse.

Tsopano tiwerengere limodzi. Amene muli ndi pensulo lembani, si masamu ovuta ayi. Pa batire pamalembedwa 12 V, ndiponso nambala ina yotsatana ndi zilembo Ah, monga 100 Ah. V ija ndi kukankha kwa magetsi, Ah ndi kukula kwa nkhokwe. Tinene kuti muli ndi nyali 4, iliyonse ya 20 W. Zonse pamodzi ndi 80 W. Gawani 80 ndi 12, mupeza maampeya 6.7. Mukaziyatsa maola 8, zadya 53 Ah. Onjezani kanyali kosonyeza boti kuti anzanu asakugundeni, ka 5 W, usiku wonse kadya ngati 4 Ah. Onjezaninso mafoni a anyamata 6, ndi 5 kapena 6 Ah zina. Mwafika pa 60 Ah ndi pang'ono.

Wina anena kuti, "Ndiye batire langa la 100 Ah likwanira, chotsala chilipo." Apa ndi pamene ambiri timagwera. Batire la mtovu silifuna kutsika kupitirira theka. Mwa 100 Ah ija, zanu ndi 50 zokha. Zinazo mukhoza kuzitenga inde, koma mukudula moyo wa batire. Ndiye pa 60 Ah usiku uliwonse mufunika nkhokwe yosachepera 120 Ah. Mabatire awiri a 100 Ah amakupatsani 200 Ah, zogwiritsa ntchito 100, ndipo mumakhala ndi potsamira usiku ukatalika. Mwamva kusiyana kwake eti?

Mungadziwe bwanji kuti mwafika pa theka? Gulani kamita koyezera magetsi, multímetro, mtengo wake sufika ngakhale pa gawo laling'ono la mtengo wa batire. Yezani batire litapuma maola angapo, osatchaja, osayatsa kanthu. Likasonyeza 12.7 V ndi lodzaza. Pa 12.2 V lili cha pa theka. Likafika pa 12.0 V kapena kutsikirapo, mwalizunza. Anthu amadabwa kuti batire la 12 V losonyeza 12 ndi lotsala pang'ono kufa, koma ndi mmene zilili.

Kalumikizidwe. Kuti nkhokwe ikule koma magetsi akhalebe 12 V, mutu wa + upite ku mutu wa + unzake, wa − upite ku wa − unzake. Wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Mukalumikiza + wa batire ili ku − wa linzake, n'kutenga magetsi pa mitu iwiri yotsalayo, mwapanga 24 V, ndipo nyali zanu za 12 V zikhoza kupsa nthawi yomweyo. Ndinaziona zimenezi pa gombe la Chuanga, bambo wina atakhala pansi atagwira m'mutu. Mawaya olumikiza mabatire awiriwo akhale okhuthala, a 16 mm² kapena kuposa, aafupi, ndiponso ofanana kutalika. Kenako waya wopita ku nyali mutenge + pa batire loyamba, − pa batire lachiwiri, mopingasa. Mukatenga zonse ziwiri pa batire limodzi, limenelo limagwira ntchito yambiri kuposa linzake, n'kuyamba kukalamba lokha.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa nkhani iyi imakhudza thumba. Ambiri mukufuna kugula batire limodzi latsopano n'kuliphatikiza ndi lakale limene muli nalo. Ndikumvetsa, ndalama ndi yovuta. Koma lakale lija limatsika msanga, ndipo likatsika limayamba kuyamwa kwa latsopano, ngakhale boti lili pa mchenga masana. Zili ngati kumanga pa goli limodzi ng'ombe yamphamvu ndi yodwala. Ngati lakale lili ndi chipinda chimodzi chakufa, latsopano limathira mphamvu yake yonse m'menemo, mawaya n'kumatentha. Mabatire ophatikiza akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, msinkhu umodzi. Ngati simungathe kugula awiri nthawi imodzi, musawalumikize ayi. Agwiritseni ntchito mosinthana: nyali ziyambe pa lakale, likafika pa theka musamutsire pa latsopano. Ndi ntchito pang'ono koma simutaya kanthu.

Nanga kutchaja? Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Batire silipanga magetsi, limangosunga. Mukakulitsa nkhokwe koma munda n'kukhala womwewo, nkhokwe idzangokhala yopanda kanthu. Injini zathu zing'onozing'ono zambiri, ngati zili ndi kotchajira, zimapereka maampeya pafupifupi 6, ndiponso pokhapokha zikuthamanga. Ulendo wopita ndi wobwera ukakhala maola awiri, mwabweza 12 Ah pa 60 zimene munatenga. Sola ya 100 W imapereka maampeya 5 ndi pang'ono dzuwa likakhala pamutu, ndipo tsiku labwino imakupatsani 25 kapena 30 Ah. Ndiye pa nyali zathu 4 zija mufunika sola ya 250 W kapena kuposa, chifukwa batire limafuna kubwezeredwa zoposa zimene munatenga, komanso masiku a mitambo alipo. Pakati pa sola ndi batire pakhale kachipangizo kowongolera katchajidwe, regulador. Popanda iko madzi a m'batire amawira n'kuuma. Amene mumakatchajitsa ku magetsi kuno ku Metangula, musamalande batire patangotha maola awiri chifukwa boti likunyamuka. Mabatire a 200 Ah otsika theka, pa tchaja ya maampeya 10, amafuna maola oposa 10.

Chinthu china chimene chikupha mabatire ambiri kuno ndi mwezi. Musaseke, ndikunena zoona. Mwezi ukawala usipa sumvera nyali, timapuma. Munthu amabwera ku nyanja tsiku lomaliza batire lili lotsika, n'kuliponya kuseri kwa chitseko sabata yathunthu. Batire la mtovu likagona lotsika, pa timbale pamamera zoyera zolimba zimene sizisungunukanso. Mdima ukabwerera mupeza batire likudzaza msanga n'kutha msanga. Litchajeni lidzaze tsiku lomwe mwafika, ndiye mukapume.

Amene mukufuna kuti injini izitchaja mabatire onse, a injini ndi a nyali, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi swichi yozungulira yolembedwa 1, 2, BOTH ndi OFF. Injini ikamayenda muike pa BOTH, mukaima n'kuyatsa nyali mupatule. Vuto lake ndi kuiwala, ndipo munthu wotopa amaiwala. Musaipotozerenso pa OFF injini ikulira, mukhoza kuotcha kotchajira. Yachiwiri ndi kachipangizo kodzitsekera kokha, kamene kamalumikiza mabatire magetsi akakwera cha pa 13.3 V, kusonyeza kuti injini ikutchaja, n'kuwapatula injini ikazima. Ine ndimakonda kameneka, chifukwa sikasinza.

Tibwere ku moto. Batire lokhala phee lija, mukagunditsa mitu yake iwiri ndi sipanala, limatulutsa maampeya mazanamazana, chitsulo n'kufiira m'manja. Boti lathu ndi la matabwa, pambali pali chigubu cha petulo. Ndiye pa waya aliyense wochoka pa mutu wa + pakhale fyuzi, pafupi penipeni ndi batire, osapitirira masentimita 18, ngati kutalika kwa chikhatho. Pa nyali zathu zija waya wa 2.5 mm² ndi fyuzi ya 15 A zikwanira, koma waya akatalika tengani wa 4 mm² kuti nyali zisafooke. Fyuzi ikapsa ikukuuzani kuti pena pavuta. Musaikepo msomali kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, chonde abale anga. Waya akhale wofewa wa tinsambo tambiri, osati wouma wa m'nyumba uja, amene amathyoka ndi kugwedezeka kwa boti. Pomasula yambani ndi −, pomanga malizani ndi −. Pakani mafuta a Vaseline pa mitu kuti isachite dzimbiri.

Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka. Liikeni m'bokosi lokhala ndi potulukira mpweya, kutali ndi petulo, ndipo wosuta fodya asayandikire. Bokosilo mulimange zolimba, pansi, pakati pa boti, koma pamwamba pa madzi amene timakapa. Batire la 100 Ah limalemera makilo 25 mpaka 30, awiri ndi thumba la chimanga ndi kuposa. Ngati mukulipereka kwa siginala m'bwato, ganizirani kawiri, bwato si boti. Madzi akachepa m'batire lotsegula thirani madzi a batire ogula m'botolo, água destilada. Madzi a m'nyanja yathu ndi oyera inde, timamwa, koma m'batire ayi. Asidi akakugwerani m'maso kapena pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo wa m'maso muthamange naye ku chipatala.

Achinyamata andifunsa za mabatire a lithium, aja olembedwa LiFePO4. Ndi abwino ndithu. La 100 Ah limalemera makilo ngati 12, mukhoza kutengamo 80 Ah kapena kuposa osaliwononga, ndipo limakhala zaka zambiri. Koma ndi lodula, silimangidwa pamodzi ndi la mtovu, ndipo limafuna tchaja ndi regulador zogwirizana nalo. Osalilumikiza chindunji ku injini yaing'ono. Pogula batire lililonse, makamaka la mtovu, linyamuleni. Ine ndinagulapo m'sitolo ina, sinditchula, batire lolembedwa 150 Ah limene ndinalinyamula ndi dzanja limodzi. Silinathe nyengo imodzi ya usipa. Mtovu ndi wolemera, pepala lomata pamwamba likhoza kunama koma sikelo sinama.

Amayi a m'kalabu, iyi ndi yanu. Batire likafa musalole ana kuliphwanya kuti asungunule mtovu wa pa mbedza ndi pa maukonde. Mtovu ndi poizoni, umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo utsi wake umagwera pafupi ndi pamene timayanika usipa. M'nyanja musaliponye. Lisungeni choimirira pamalo ouma, lipite kwa ogula mabatire akufa.

Loweruka likubwerali ndidzakhala pa gombe kuyambira 8 koloko m'mawa ndi kamita kanga. Bwerani ndi batire limene lagona usiku osagwira ntchito, ndi pepala lolembapo nyali zanu ndi ma W ake, tidzawerengere limodzi. Amene muli kutali perekani mafunso kwa alembi a kalabu, tidzayankha pa wailesi. A pampando, ndaona manja awiri kumbuyo uko. Tiyambe ndi agogo.