Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Phwando Lolandira Ana Athu Olowa Usilikali wa Reserve, ku South Bend

Wapampando, abusa athu, makolo nonse, amayi amene mwatiphikira nsima kuno kutali ndi kwathu, ndi inu ana athu mwakhala kutsogoloku, simunandiitane chifukwa chodziwa kulankhula ayi. Mwandiitana chifukwa ndinavalapo yunifolomu ya Army Reserve, ndipo makolo akufuna munthu woti awafotokozere m'Chichewa chimene ana awo anasainira.

Ana inu mwachokera ku maphunziro a sabata khumi, ena ku Fort Jackson, ena ku Fort Leonard Wood, kenaka aliyense anakaphunzira ntchito yake. Kumeneko munali asilikali usana ndi usiku. Lero mwabwerera ku sukulu ndi ku ntchito, ndipo usilikali wanu watsala Loweruka ndi Lamlungu kamodzi pamwezi, kuwonjezapo sabata ziwiri pachaka. Masiku awiri apamweziwo ndiwo timati drill.

Ndikuuzeni lero kuti musakakhumudwe: drill si filimu. Mudzafola mamawa, asajeni adzaitana maina, kenaka tsiku lidzathera kuyang'ana mafuta ndi matayala a magalimoto, kuwerenga katundu, kudzaza mapepala pa kompyuta, kupimitsa mano. Ndiye kudikira. Kudikira kokha mudzadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Mfuti mudzaiwombera mwa apo ndi apo, mwina ku Camp Atterbury kummwera kwa Indianapolis. Koma mayeso othamanga mamailosi awiri sachedwa kubwera, ndipo pamwezi wonsewo palibe wodzakudzutsani kuti mukathamange. Amayi, mitanda ya nsima ija muzichepetsako.

Tsopano za ndalama, pakuti ndaona abambo ena asendeza mipando.

Boma siliwerenga masiku, limawerenga zigawo. Chigawo chimodzi ndi maola osachepera anayi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu zimapanga zigawo zinayi. Chigawo chilichonse amakulipirani ndalama ya tsiku limodzi, kutanthauza malipiro a pamwezi a msilikali wa udindo wanu atagawidwa pa 30. Mwagwira masiku awiri, mwalandira za masiku anayi. Zikumveka bwino mpaka mutaika manambala. Mu 2024 msilikali wa udindo woyambirira, E-1, malipiro ake a pamwezi anali madola 2,017.20. Gawani pa 30, chulukitsani ndi 4: madola pafupifupi 269. Ndalamazi zimakwera chaka ndi chaka komanso mukakwezedwa udindo, koma masamu ake ndi omwewo. Pamenepo achotsepo msonkho, achotsepo Social Security ndi Medicare, achotsepo inshulansi ya moyo ya SGLI. Ya lendi salipira pa drill, ndipo kawirikawiri mafuta opitira kumeneko ndi a m'thumba mwanu.

Ndiye makolo, ndakupemphani, mukamaimba foni kumudzi musamati mwana wayamba ntchito ya boma la America. Mawa lake mudzalandira mndandanda: fizi, feteleza, malata. Ndalama ya drill ndi yapambali, si yodalira. Ana inu musasiye ntchito, musasiye sukulu, ndipo musakatenge galimoto ya ngongole mukuwerengera madola amenewa.

Ine ndinaphunzira movutikira kuti ndalamayi imatsata siginecha. Mwezi wina ndinafika mochedwa pang'ono, ndinathamangira pa mzere, ndinagwira ntchito masiku onse awiri thukuta lili kamukamu, koma pa pepala la maina sindinasaine. Sabata ziwiri zinadutsa, ku banki kuli zii. Ndikuti ndikafunse, anandionetsa pepala lija, pa dzina langa pali mbee. Zinakonzeka ndithu, koma patapita nthawi, ine nditabwereka kale kwa mlamu wanga amene akuseka kumbuyoko. Ofesi yolipira asilikali, DFAS, likulu lake lili pompano ku Indianapolis, koma musaganize kuti kuyandikana n'chibale. Iwo amalipira chimene gulu lanu latumiza, basi. Tsegulani myPay, muziwerenga pepala la malipiro lotchedwa LES mwezi uliwonse, ndipo pakalakwika funsani asajeni anu tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula.

Chuma chenicheni cha ntchitoyi chili m'mapointi, ndipo chimadza mwakachetechete. Chigawo chilichonse ndi pointi imodzi, ndiye pachaka 48. Sabata ziwiri zija zikupatsani 14. Boma limawonjeza 15 chifukwa chongokhala m'gulumo. Zonse pamodzi 77, pamene chaka chimawerengedwa kukhala chabwino mukafikitsa 50. Zaka zabwino 20 zimabala penshoni, imene ambiri amayamba kulandira akakwanitsa zaka 60. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa zaka 19 zimenezi zikumveka ngati nthano ya agogo. Inenso ndinkaseka. Palinso thumba losungira ndalama la TSP limene boma limathiramo gawo lake, ndi inshulansi ya chipatala ya TRICARE Reserve Select yomwe mumalipira mwezi ndi mwezi. Aliyense pano amene anaonapo bilu ya chipatala cha kuno akudziwa kulemera kwake.

Kujomba ndiye ayi. Kwathu timati ukwati ndi maliro sizikanidwa, ndipo pano pa South Bend maukwati athu amachitika Loweruka ndi Lamlungu lomwelo. Koma mukajomba popanda chilolezo, sakulembani kamodzi, amakulembani kanayi, chigawo chilichonse pachokha. Zikafika zisanu ndi zinayi m'miyezi 12, dzina lanu laipa, ndipo ngati munalandira bonasi, akhoza kuifunanso. Pakakhala vuto, nenani msanga. Pali njira yosinthira tsiku, koma amapatsa amene wapempha nthawi ilipo. Abusa, opemphera pa Sabata ndi opemphera Lamlungu onse akhudzidwa mofanana, ndiye mukaona mpando uli wokha kamodzi pamwezi musamuike mwanayo pa mwambo.

Mawu amodzi okhudza chamba, pepani abusa. Ku Michigan, ulendo wa mphindi zochepa kuchokera pano, akuluakulu amagula mololedwa. Kwa msilikali n'choletsedwa kulikonse, ndipo mkodzo amapima mosachenjeza.

Za mabwana anu ku ntchito musade nkhawa kwambiri. Lamulo la USERRA la 1994 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha usilikali, koma limafuna kuti muwadziwitse pasadakhale. Inu ogwira mashifiti m'nyumba zosamalira okalamba, mukalandira ndondomeko ya drill ya chaka chonse, kaperekeni kwa bwana sabata yomweyo, ndipo musunge kope lanu.

Chomaliza ndi cholemera, ndipo ndikulankhula kwa amayi makamaka. Ana awa anasainira zaka zisanu ndi zitatu. Ambiri amachita drill zaka zisanu ndi chimodzi, ziwiri zotsalazo dzina limakhalabe m'kaundula. Chiyambire 2001, asilikali ambiri a Reserve ndi a National Guard anatumizidwa ku Iraq ndi ku Afghanistan, anthu amene dzulo lake anali m'kalasi kapena akuyendetsa thiraki. A National Guard nawo bwanamkubwa akhoza kuwaitana kukagwa chigumula kapena namondwe. Sindikuopsezani. Ndikungoti banja lililonse likhale pansi mwezi uno, mugwirizane: kalata yowaitana ku nkhondo ikabwera, ana asunga ndani, lendi alipira ndani, ndipo pa pepala la inshulansi palembedwe dzina la yani.

Wapampando, ndaona mbale zavundukulidwa. Ana inu imirirani makolo akuoneni bwino, ndipo aliyense atiuze tsiku la drill yake yoyamba, kuti amene alibe galimoto timpezere womuperekeza.