Mpasa wa m'nyanja amabadwira mu Bua
Mawu oyankhulidwa kwa makomiti a m'madoko a ku Nkhotakota

Lero tikambirane za mpasa ndi mtsinje wa Bua.

Mpasa timamupha m'nyanja, koma sabadwira m'nyanja. Mvula ikamapita kumapeto, ndi m'miyezi yotsatira, mpasa wamkulu amalowa m'mitsinje kukaikira mazira. Amafuna madzi oyenda, oyera, osaya kwambiri, pamalo a timiyala. Ana akakulako amatsikira kunyanja. Sanjika nayenso amachita chimodzimodzi. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Ndi chifukwa chake m'mitsinje yambiri imene anthu anadula mitengo ndi kulima mpaka m'mphepete, mpasa anasowa.

Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa akuswanamobe. Mwayi wake ndi woti umadutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, yokula pafupifupi masikweya kilomita 1,800, kumene mitengo idakagwirabe nthaka. Kuyambira m'chaka cha 2015 nkhalangoyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Alendo tsopano amabwera kudzaona njovu, ng'ona ndi mbalame m'mbali mwa Bua, ndipo ena mwa ana athu apeza ntchito kumeneko. Kusaka nyama, kutchera misampha kapena kupha nsomba m'nkhalangomo popanda chilolezo ndi mlandu.

Koma alonda a nkhalango amalekeza pampanda. Kuchokera pamene Bua watulukira m'nkhalango kukafika pamathiriro ake m'nyanja, alonda ndife. Mpasa aliyense wopita kukaswana amadutsa pakhomo pathu. Tikamutsekera pamenepo, zonse zimene zikutetezedwa kumtunda sizitipindulira kanthu.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zochuluka m'matchera. Nayo imaswana m'mitsinje, ndipo anthu ankaigwira ili ndi mazira. Lero ana athu ambiri sanaionepo. Madzi akatayika saoleka.

Lamulo la za usodzi la 1997 linatipatsa mphamvu yosamalira nsomba pamodzi ndi boma kudzera m'makomiti athu. Choncho tigwirizane izi:

1. Tisatchinge mathiriro a Bua ndi matchera kapena makoka pamene mpasa akukwera.
2. Potchera miono, tisatseke mtsinje wonse. Pakati pazitsala njira.
3. Katupe ndi mankhwala ena alionse asalowe m'madzi. Amapha nsomba zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.
4. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, osati yokokera ana a mpasa.
5. Tisalime mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Tisiye bango ndi mitengo zigwire nthaka.

Amayi, inunso muli ndi mphamvu. Mukakana kugula mpasa wamng'ono, msodzi sadzamuphanso.

Tikudziwa kuti kusiya nsomba ikudutsa pamene kunyumba kulibe ndiwo si chinthu chapafupi. Koma mpasa mmodzi wamkazi amanyamula mazira zikwizikwi, ndipo ana akewo ndi amene tidzawaphe m'nyanja zaka zikubwerazi.

Pempho lathu ndi loti komiti iliyonse ikakhale pansi ndi amfumu ake, ikalembe mfundozi m'malamulo a padoko pamodzi ndi chindapusa chake, ndipo ikapereke kwa mlangizi wa za usodzi wa m'dera lake nyengo ya mpasa isanafike.