OSAMALIRA ODWALA KU MIGODI YA RUSTENBURG

Nkhani ya madzulo ano icokera ku Rustenburg, mzinda wa m'cigawo ca North West ku South Africa, ulendo wa maola awiri pa galimoto kucokera ku Joni. Pansi pa dziko limenelo pali mwala wa mtengo wapatali wochedwa pulatinamu, ndipo makampani monga Impala Platinum ndi Sibanye-Stillwater amalemba anthu zikwi zambiri kuti aukumbe.

Omvera acikulire akumbukira Wenela. Boma la Malawi linaletsa kulemba anthu m'caka ca 1974, ndege yonyamula amuna a ku migodi itagwa ku Francistown; linalolanso mu 1977, koma mu 1988 njirayo inatsekeka cifukwa ca mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kacirombo ka Edzi. Komatu ulendo wa kumwera sunathe. Anthu anapitabe mwa selefu, a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe omwe, ena ndi mapepala, ena opanda.

Tsono ku migodi kuli anthu a mitundu iwiri. Alipo amene ali ndi nambala ya kampani: iwowa akadwala amapita ku cipatala ca mgodi. Aliponso amene akhala kunja kwa mpanda, m'tinyumba ta malata ta ku Freedom Park kapena ta ku Nkaneng pafupi ndi Marikana: ofuna nchito, ocotsedwa nchito, akazi amasiye, ndi machona amene mphamvu zao zinathera pansi pa nthaka. Kumudzi munthu wotere sasowa womuphikira phala, pakuti mlongo wace alipo, adzukulu alipo, ndipo nkhoswe imadziwa udindo wace. M'kanyumba ka malata mulibe mbumba. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo munthu angathe kugona masiku atatu citseko ciri citsekere, anansi ace osadziwa kanthu.

Mliri woyamba umene unaonetsa poyera bvuto limeneli unali wa Edzi. M'zaka za m'ma 1990 Bishopu Kevin Dowling wa Mpingo wa Katolika ku Rustenburg, pamodzi ndi masisitere ndi anamwino, anayambitsa nchito yochedwa Tapologo, ndiko kunena malo a mpumulo m'Citswana. Nzeru yace inali yapafupi. M'malo modikira kuti wodwala afike yekha ku cipatala, anaphunzitsa amai a m'makomboni momwemo kuti aziyenda nyumba ndi nyumba. Amai amenewa ankasambitsa odwala, kuwatembenuza pa mphasa kuti zilonda zisabuke, kuwerenga mapiritsi otsala m'botolo, ndi kukauza namwino akaona kuti matenda akula. Mu 2004 anatsegula ku Phokeng nyumba yogonekamo odwala kayakaya, kuti munthu asafere yekha pa dothi. Pambali pa amaiwo panali a welofeya, ndiwo anthu ophunzira nchito ya cisamaliro ca anthu, amene gawo lao linali la makalata ndi milandu: kupezera wodwala cithandizo ca boma, kufunafuna abale ace, ndi kuona kumene ana adzapite maliro akatha. Nchito yotere siimveka m'nyuzipepala, koma popanda iyo mankhwala sakhalitsa m'mimba yopanda nsima.

Mliri waciwiri unafika mu 2020. Pa 5 March anapeza munthu woyamba wodwala Covid-19 m'dzikomo, ndipo kuyambira pa 27 March Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ali yense abindikire m'nyumba. Migodi inaima. Pakati pa April inaloledwa kugwira ndi theka la anchito ace, ndipo pa 1 June inatsegulidwa yonse. Anchito atabwerera, dera la Rustenburg ndilo linacuruka odwala m'cigawo conse, kotero kuti kampani ya Royal Bafokeng Platinum inakonza cipatala capadera ca mabedi 200 pa mgodi wa Maseve.

Koma kunja kwa mpanda zinthu zinabvuta mwa mtundu wina. Nchito yonse ya wosamalira odwala iri m'manja mwace ndi m'kulowa m'nyumba, ndipo matenda atsopanowa ankayenda ndi mpweya wa munthu wolowayo. Boma linaika cisamaliro ca okalamba, olumala ndi odwala m'gulu la nchito zosayenera kuima. Cotero mai wosamalirayo anali ndi cilolezo coyenda, koma anadziwa kuti nkhalamba imene akukaisambitsa, kapena bambo wa cifuwa cacikulu, ndiye amene matendawa sacedwa kumtenga. Akapanda kupita, wodwala agona ndi njala; akapita, kapena ampatsira imfa. Lamulo losamba m'manja kawirikawiri linali labwino ndithu, koma linalembedwa ndi anthu okhala ndi mpopi m'nyumba, pamene ku Nkaneng madzi acita kukatunga ndi cigubu.

Pa za ndalama boma linayesetsa. Kuyambira May mpaka October 2020 linaonjezera marandi 250 pa mwezi pa ndalama za okalamba, ndipo linayambitsa cithandizo ca marandi 350 kwa akulu osagwira nchito. Nduna yoona za cisamaliro ca anthu, Mai Lindiwe Zulu, inalengeza kuti ilemba a welofeya ena oposa 1,800, ngakhale kuti anali a miyezi yowerengeka cabe. Apa ndipo pepala linakhala cinthu cacikulu koposa njala. Poyamba marandi 350 aja anali a nzika, a okhazikika mwa lamulo ndi a othawa nkhondo obvomerezedwa. Mu June bungwe la Scalabrini Centre la ku Cape Town linapambana mlandu ku khoti lalikulu la ku Pretoria, ndipo cithandizo cinafikanso kwa opempha malo othawirako ndi kwa a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola okhala ndi zilolezo zapadera. Dziko la Malawi linalibe cilolezo ca mtundu umenewo. Wa welofeya akafika pa khomo la Mmalawi wopanda citupa, fomu imene anali nayo m'manja inalibe malo olembapo munthuyo, ndipo cotsala cinali kumlozera ku chalichi, ku mzikiti, kapena ku kagulu ka anthu a kwao osonkherana za maliro.

Ambiri anaona kuti kuli bwino kukabvutikira kwao. Kumapeto kwa May 2020 mabasi anayamba kutuluka m'South Africa kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete mpaka ku Mwanza. Ofikawo anawasunga pa bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre kuti adikire zotsatira za kuyezedwa, koma anthu oposa 400 anathawapo, nadandaula kuti panalibe cakudya ndi zimbudzi zokwanira. Amene anakwera mabasi anali a mphamvu zao ndi a ndalama ya tikiti. Nkhalamba ndi odwala, amene sakadatha ulendo wa masiku atatu, anatsala m'tinyumba tao ta malata, ndipo lamulo la nthawi ya tsoka linakhalapo kufikira April 2022.